Galu wouwa usiku wonse salondera nyumba

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo kudzera m'nyuzipepala yathuyi pa nkhani imene ikudanitsa anthu oyandikana nyumba kuno ku Salima, ngakhale kuti ambiri amaiona ngati yaing'ono moti safika nayo kwa amfumu kufikira madzi atafika m'khosi. Ndikunena za agalu amene amauwa kuyambira dzuwa litangolowa mpaka tambala woyamba, osapumira, usiku ndi usiku. Ndikulemba monga munthu amene ndinasungapo galu wotere, ndipo ndinazunza anzanga oyandikana nawo kwa miyezi yambiri ndisanazindikire kuti cholakwika sichinali mwa galuyo koma m'kasungidwe kanga.

Ine ndili ndi chigayo chaching'ono chakufupi ndi Kamuzu Road, ndipo nyumba yanga ili mumpanda womwewo. Akuba atandithyolera kawiri m'chaka chimodzi, n'kutenga malamba a chigayo ndi matumba a chimanga cha eni ake chimene chinagona podikira magetsi, ndinaganiza zopeza galu. Ndinagula kagalu kakuda kwa munthu wina wa ku Senga Bay, kobadwa kwa galu wachikuda ndi galu wa mtundu wa German Shepherd, umene ambirife timangoti agalu apolisi, ndipo ana anakatcha Bulaki. Aliyense wobwera kudzagayitsa anali ndi malangizo ake, koma onse ankagwirizana pa mfundo imodzi, yakuti galu wolondera asazolowere anthu, azitsekeredwa usana wonse kuti asaone nkhope ya munthu, ndipo azitulutsidwa usiku wokha ali wolusa. Ena anawonjezera kuti ndizimuthirira tsabola m'chakudya, ena mavu osinja, enanso chamba. Zitatuzi ndinazikana, koma za kutsekerazo ndinazitsatira ndi mtima wonse chifukwa ndinkakhulupirira kuti ndimo mmene galu wachitetezo amaleredwera.

Ndinamumangira khola la malata otsala, lofika m'chiuno mwanga, ndipo ankakhala m'menemo kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Kukada ndinkamumanga pa tcheni patsinde pa mtengo wa mango umene uli pakati pa nyumba ndi chigayo. Atakwanitsa miyezi 8 anayamba kuuwa, ndipo sanalekenso. Ankauwa njinga yamoto ya kabaza ikamadutsa, ankauwa mango akagwera padenga m'nyengo yake, ankauwa mwera ukamagwedeza geti m'miyezi yozizira, ankauwa ogula nsomba akamapita kunyanja m'bandakucha ndi madengu awo panjinga, ndipo kukakhala kuti kuli zii ankauwa poyankha agalu anzake a kutsidya kwa njanji. Ine ndinkanyadira, n'kumati akuba akudzimvera okha kuti pakhomo pano pali galu.

Usiku wina wa mwezi wa Okutobala, Bulaki anauwa monga mwa masiku onse. Ndinamumva, mkazi wanga anamumvanso, ndipo tonse tinangotembenuka n'kupitiriza tulo pakuti makutu athu anali atazolowera kale. Kutacha tinapeza njinga ya mwana wathu yopitira kusukulu palibe pakhonde, batire la sola nalonso palibe. Mapazi a akubawo ankaoneka bwinobwino pamchenga, ndipo anadutsa mamita awiri okha kuchokera pamene tcheni inkathera. Anthuwo ankadziwa kuti galu sangawafikire, ndipo ankadziwanso kuti m'nyumba mwanga ndi m'nyumba zonse zoyandikana mulibe munthu amene angadzuke chifukwa cha kuuwa kwake. Galuyo anagwira ntchito yake usiku umenewo, koma anali atauwa zopanda pake kwa nthawi yaitali moti tsiku limene ananena zenizeni panalibe womumvera. Apa ndi pamene pagona kalata yangayi: amene amaganiza kuti galu wosokosa usiku wonse ndiye mlonda wabwino akudzinamiza, chifukwa phokoso losalekeza limagonetsa eni nyumba ndipo limaphimba mapazi a wakuba.

Patapita masiku ochepa, mayi wina wachikulire wa kuseri kwa mpanda wathu anabwera madzulo, n'kukhala pamkeka ndi mkazi wanga, ndipo malonje atatha anatembenukira kwa ine. “Abambo, pepani ndi zimene zakuonekeranizi,” anatero. “Sindinabwere kudzakuwonjezerani chisoni, koma mawuwa ndawasunga nthawi yaitali. Abambo a kunyumba akudwala kuthamanga kwa magazi, ndipo kuchipatala anatiuza kuti azigona mokwanira, koma chiyambire dzinja lapitali sanagonepo tulo tosadukiza. Galu wanuyu sakuuwa ndi ukali ayi, akulira. Mawa masana mukamuone bwino.” Ndinagwidwa ndi manyazi aakulu, chifukwa ine amene ndimazimitsa chigayo 6 koloko madzulo ngakhale pali mzere wa anthu, podziwa kuti phokoso limasautsa, sindinaganizepo kuti phokoso la usiku lochokera pabwalo panga ndi langanso.

Mawa lake dzuwa lili paliwombo ndinagwada pakhomo pa kholalo n'kuika dzanja pamalata, ndipo sindinathe kulisiyapo ngakhale kamphindi. M'kati Bulaki anali atagona chammbali, lilime lili panja, akupuma mofulumira ngati wathamanga mtunda wautali, ndipo chitini cha madzi chinali chitagubuduka n'kuuma kalekale. M'makutu mwake munali nkhupakupa zokhuta ngati nthanga za nsatsi, nsonga za makutuwo zinali ndi zilonda za ntchentche, ndipo m'khosi ubweya unali utathothoka pamene tcheni inkakhula. Kuzungulira mtengo wa mango panali kanjira kokumbika, kosalala, kopanda ngakhale kaudzu kamodzi, kamene iye anakapanga ndi mapazi ake poyenda mozungulira usiku uliwonse. Kanjirako ndinkakadutsa tsiku ndi tsiku popita kuchigayo, koma tsiku limenelo ndi pamene ndinamva chimene kankanena.

Ndinaitana mlangizi wa ziweto, amene anachotsa nkhupakupa, kupaka mankhwala pazilonda ndi kumumwetsa mankhwala a njoka za m'mimba. Anandifotokozera kuti galu satuluka thukuta thupi lonse ngati munthu, koma amadziziziritsa popuma mofulumira atatulutsa lilime, choncho kumuika m'kabokosi ka malata kuno kunyanja, kumene m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 30 ngakhale pamthunzi, n'kumuyandikizitsa ku imfa. Ananenanso kuti galu wamkulu amafunika kugona maola 12 kapena kuposerapo pa tsiku, ndipo galu amene sangagone masana chifukwa cha kutentha, ludzu ndi kuyabwa amafika usiku mtima uli m'mwamba, kanthu kakang'ono kalikonse n'kumamudzidzimutsa. Mphamvu zonse zimene akanathera poyenda ndi kusewera zimatulukira pakamwa.

Akuluakulu anati galu wamkota sakandira pachabe, ndipo ine ndaona kuti kuuwa nakonso kuli chimodzimodzi. Kuuwa ndiko kuyankhula kwa galu, ndipo anthufe ndi amene tinakukulitsa, chifukwa mimbulu imene agalu anachokerako siuwa kawirikawiri, koma makolo akale ankasankha kusunga agalu amene ankawachenjeza msanga za chilombo kapena mdani. Ulipo mtundu wina wa agalu osakira nyama wochokera ku Congo, wotchedwa Basenji, umene suuwa ngati agalu ena, koma sindikhulupirira kuti alipo munthu wa kuno amene angafune galu wosauwa n'komwe. Chimene tikufuna ndi galu amene akauwa, mwini nyumba adziwe kuti kunja kuli kanthu. Kuti tifike pamenepo tiyenera kuyamba tatchera khutu, pakuti kauwidwe ka galu si kamodzi. Akaona mlendo amauwa mofulumira ndi motsatizana, ndi mawu aakulu ochokera pachifuwa, atayang'ana mbali imodzi thupi lili gwa. Akakhala wosungulumwa kapena wosowa chochita amauwa mawu amodzimodzi, n'kupumira pang'ono ngati akudikira womuyankha, n'kuyambiranso, ndipo akhoza kutero kwa maola ambiri. Wamantha amauwa akubwerera m'mbuyo mchira uli pakati pa miyendo, pamene womva ululu kapena kuyabwa amasakaniza kuuwa ndi kulira. Nditayamba kumvetsera chomwechi ndinapeza kuti kuuwa kwa Bulaki kochuluka kunali kwa kusungulumwa, monga momwe mayi aja ananenera.

Alipo ena amene amati galu akamauwa mumdima popanda chooneka ndiye kuti akuona mfiti, ndipo sindikufuna kutsutsana ndi munthu pa chikhulupiriro chake. Ndingokumbutsa kuti khutu la galu limamva mawu amene lathu silingamve, ndipo mphuno yake imatola fungo patali kwambiri. M'midzi yoyandikana ndi nkhalango ya Thuma, ngakhalenso kwa anzathu a ku Nkhotakota amene ali m'mphepete mwa nkhalango yosungira nyama zakutchire, afisi ndi nguluwe zimayenda usiku pafupi ndi makola ndi minda, ndipo kugombe mvuu zimatuluka kudzadya msipu. M'tauni muno nthawi zambiri amakhala mphaka, khoswe kapena galu woyendayenda. Tisanafike poganiza za mfiti, tiyambe taona ngati m'chitini muli madzi ndiponso ngati galuyo wadya.

Choyamba chimene ndinachita n'kuphwasula khola la malata lija. M'malo mwake ndinamanga kachisakasa kofolera ndi udzu, ka zipupa za bango, kotseguka mbali imene kumachokera mphepo ya kunyanja, ndipo zonsezi sizinandidyere ndalama zochuluka pakuti bango ndi udzu kuno sizisowa. Madzi ndinayamba kumuikira mumphika wadothi wokwiriridwa theka m'nthaka, umene sungagubuduke ndipo umasunga madzi ozizira usana wonse. Chakudya, chimene poyamba ankalandira kamodzi patsiku ndipo nthawi zina kunali kungomuponyera makoko a nsima yadzulo, ndinachigawa pawiri, m'mawa ndi madzulo. Pano ndinene kwa anzanga a zigayo ndi onse amene amagula madeya kwa ife kuti phala la madeya lokha silikwanira galu, chifukwa limangodzaza mimba kwa kanthawi. Pafunika kusakanizamo usipa kapena bonya wophika, zam'kati mwa nyama zikapezeka, ndi masamba pang'ono. Galu wogona ndi njala amauwa, ndipo palibe maphunziro amene angamutseke pakamwa.

Chachiwiri chinali tcheni. Ndinakonza mpanda pamene panali mipata n'kumumasula kuti aziyenda m'bwalo monse, ndipo usiku woyamba womwewo phokoso linachepa moti mkazi wanga anadzuka kukaona ngati galu akadalipo. Galu womangidwa amadziwa kuti chinthu choopsa chikabwera sangathawe ndipo sangachifikire, choncho chida chake chotsala ndi pakamwa. Ndikudziwa kuti si onse ali ndi mpanda, ndipo kumasulira galu m'misewu si yankho chifukwa amakaluma ana ndi kugwira nkhuku za eni. Amene alibe mpanda angathe kukoka waya wolimba pakati pa mitengo iwiri yotalikirana, n'kulowetsamo mphete yachitsulo yolumikizidwa ku chingwe cha galuyo, kuti azitha kuthamanga uku ndi uku ndi kufika pamthunzi ndi pamadzi. Kuwonjezera apo mwana wanga wamwamuna anayamba kumuyendetsa pa chingwe kwa theka la ola madzulo aliwonse dzuwa likapepa, cha kudambo, n'kumamulola kununkhiza paliponse pamene akufuna, chifukwa kununkhiza nakonso kumatopetsa galu. Loweruka ndimamugulira fupa lalikulu la ng'ombe laliwisi kubutchala loti azitafuna. Mafupa ophika a nkhuku ndi minga ya chambo kapena kampango ayi, chifukwa zimasweka n'kubaya pakhosi kapena m'matumbo.

Mbali ya mpanda yoyang'ana kumsewu ndinaiphimba ndi mphasa za bango kuti asamaone aliyense wodutsa, pakuti galu akauwa munthu wongodziyendera n'kuona munthuyo akupita, amaganiza kuti wamuthamangitsa ndi iyeyo, ndipo mawa amauwa ndi mphamvu zoposa. Malo ake ogona usiku ndinawasunthira pakhonde, pafupi ndi chitseko, pamene amamva fungo lathu ndi kupuma kwathu. Galu ndi nyama yokhala pagulu, ndipo kwa iye gulu lake ndi ife.

Zimenezi zinachepetsa phokoso kwambiri, koma chinatsala n'kumuphunzitsa nthawi yolekera. Njira yake si yovuta, kungoti imafuna kudekha ngati kwa munthu wofuna kuona maso a nkhono. Ndinkayenda ndi tiusipa touma m'thumba la malaya. Munthu akagogoda pageti ndinkamuleka Bulaki kuti auwe kawiri kapena katatu, chifukwa imeneyo ndi ntchito yake. Kenako ndinkapita pamene iye ali, n'kusuzumira kunja kuti aone kuti uthenga wake ndaumva, n'kunena motsitsa mawu amodzi okha akuti “basi” ndikumuonetsa kausipa pafupi ndi mphuno. Galu sangathe kununkhiza ndi kuuwa nthawi imodzi, choncho ankakhala chete, ndipo pomwepo ndinkamupatsa n'kumusisita pakhosi. Chachikulu apa ndi nthawi yoperekera: kausipako kayenera kufika iye atangotseka pakamwa, osati patapita mphindi, chifukwa galu amalumikiza mphotho ndi chimene wangochita kumene. Mukamupatsa akadali kuuwa, mwamuphunzitsa kuti kuuwa kumabala usipa. Masiku oyamba ndinkapereka akangokhala chete kamphindi, kenako ndinkayamba ndawerenga chamumtima mpaka 5, pambuyo pake mpaka 10, mpaka 30, ndipo potsiriza ndinayamba kupereka mwa apo ndi apo, mawu oyamikira ndi dzanja pamutu n'kumakwanira.

Njinga zamoto ndizo ankadana nazo koposa. Ndinapempha mnyamata wina wa kabaza amene timagwirizana naye kuti madzulo aziima chapatali injini ikulira, ine ndikumupatsa Bulaki chakudya chake, ndipo tsiku lililonse ankasendera pafupi pang'ono. Galu akayamba kuuwa tinkadziwa kuti tafulumira, choncho tinkabwerera pamene tinali dzulo lake. Patatha milungu itatu njinga inkatha kuima pageti penipeni iye akudya. M'nyumba tinagwirizana kuti tonse, kuyambira ine mpaka mwana womaliza, tizigwiritsa ntchito mawu amodzimodzi, chifukwa wina akamati “basi”, wina “chete”, wina n'kumaponya mwala, galu sangadziwe chimene akufunsidwa.

Kulinso kuuwa kopempha, kumene galu amachita pofuna kuti mumutsegulire chitseko kapena mumuponyere mbamu pamene mukudya. Mankhwala ake ndi kusamuyang'ana, kusamuyankhula ndi kusamupatsa kanthu mpaka atakhala chete. Ndichenjeze kuti masiku oyamba amauwa kwambiri kuposa kale, monga mmene munthu amagogodera mwamphamvu chitseko chimene chinkatseguka dzulo, ndipo ambiri amagonja pamenepa n'kumupatsa, potero n'kumuphunzitsa kuti akalimbikira amapeza. Kwa ine zonsezi zinatenga miyezi iwiri. Amene amaopa kuti galu wosamalidwa chomwechi amasanduka wopusa ndiwauze kuti panopa Bulaki amagona usiku, koma akauwa ine ndimadzuka ndi tochi, ndipo mdzukulu wa mayi aja nayenso amadzuka kuseri kwa mpanda, chifukwa tonse tikudziwa kuti kunja kuli kanthu.

Chikhulupiriro chakuti galu asaone anthu kuti akhale waukali ndicho ndikufuna kuti tichisiye, pakuti chawononga agalu ambiri. Kagalu kamaphunzira zinthu zoyenera kuziopa ndi zosayenera kuziopa kuyambira kali ndi milungu itatu kufikira milungu 12 kapena kupitirira pang'ono, ndipo m'mera mpoyamba. Kagalu kamene pa msinkhu umenewu kaona ana, agogo a ndodo, amayi osenza mitolo, mbuzi, nkhuku ndi njinga, kamakula kakudziwa mmene tsiku labwinobwino limaonekera, choncho kamatha kuzindikira munthu wokwera mpanda pakati pa usiku kuti ameneyu ndi wachilendo. Kamene kakulira mumdima wa m'khola kamaopa chilichonse, ndipo chimene timachitcha ukali nthawi zambiri chimakhala mantha. Pachifukwa chomwechi tisamagule tiagalu toyamwa timene timagulitsidwa m'mbali mwa misewu. Kagalu kayenera kukhala ndi make mpaka milungu 8.

Kumenya galu wouwa sikuthandiza, chifukwa kumamuwonjezera mantha amene akumuuwitsawo, ndipo kumukalipira muli pawindo iye amakumva ngati mukumuthandiza kuuwa. Ndaonapo anthu akumanga galu pakamwa ndi mphira ya chubu kuti agone mwamtendere. Kuno kotentha kumeneko n'kupha, pakuti mwamutsekera njira yake yaikulu yoziziritsira thupi. Tsabola, mavu ndi chamba sizipatsa galu nzeru zolondera koma zimamupweteka m'mimba ndi kumusokoneza mutu. Masiku ano ndikuonanso ena akutsatsa pa Facebook ndi pa WhatsApp malamba a m'khosi amene amagwira galu ndi magetsi akauwa. Zipangizo zotere zinaletsedwa ku Wales m'chaka cha 2010 chifukwa cha nkhanza zake, ndipo ngakhale zitatseka pakamwa, ludzu, nkhupakupa ndi kusungulumwa zimatsala pomwepo.

Nthawi zina dera lonse siligona chifukwa galu wamkazi mmodzi wafika nyengo yofuna amuna, imene imabwera pafupifupi kawiri pachaka n'kutenga milungu iwiri kapena itatu. Agalu aamuna amamva fungo lake patali, omasuka amasonkhana n'kumamenyana, omangidwa amalira usiku wonse, ndipo patapita masiku pafupifupi 63 kumabadwa tiagalu tina tosowa wotilera. Yankho lake ndi kufula aamuna ndi kutseka aakazi kudzera kwa madokotala a ziweto, osati ndi lumo kapena mphira kunyumba. Bungwe loteteza ndi kusamalira nyama la LSPCA ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 100 kuchokera kuno, limagwira ntchito imeneyi. Kufula sikuthetsa kuuwa kwa mtundu uliwonse, koma kumathetsa kwa nyengo imeneyi.

Kuli kuuwa kwina kumene sikufuna usipa kapena kudekha, koma changu. Galu amene anali wofatsa akayamba mwadzidzidzi kuuwa usiku, mwina akumva ululu, kapena ngati ndi wokalamba mwina makutu ndi maso zayamba kufooka, ndipo ayenera kuonedwa ndi mlangizi wa ziweto. Koma mawu ake akasintha n'kukhala osasa, dovu likuchucha, akulephera kumeza, akuluma mitengo, miyala kapena chilichonse chimene wakumana nacho, tiganize za chiwewe. Galu wotere asagwiridwe ndi manja ndipo asapisidwe chala kukamwa poganiza kuti watsamwa ndi fupa. Ana achotsedwe ndipo a zaziweto adziwitsidwe nthawi yomweyo. Munthu akalumidwa atsuke balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15 n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa zizindikiro za chiwewe zikayamba kuonekera mwa munthu sichichizikanso. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka, ambiri a iwo a mu Africa ndi ku Asia, ndipo pafupifupi onse amawatenga kwa agalu.

Kwa amene mukusowa tulo chifukwa cha galu wa mnzanu, ndikupemphani ndi mtima wonse kuti musagwire njira ya tameki. Chaka chatha galu wa banja lina la pamzere wathu anaponyeredwa mbamu yothira mankhwalawa, ndipo anafa akuphupha thovu lili kukamwa pamaso pa ana amene anakula naye. Nkhuku zimene zinajompha masanzi ake zinafanso, ndipo pabwalo pomwepo pamasewera mwana wa zaka zitatu amene akanatha kutola chotsala cha mbamuyo. Mabanja awiri amene ankabwerekana mchere ndi moto sapatsananso moni mpaka lero, pamene palibe amene anaona wochita zimenezi ndi maso. Kuchitira chiweto nkhanza ndi mlandu pansi pa lamulo la dziko lino la Protection of Animals Act, komanso wakupha galu walanga wosalakwa n'kusiya mwini wake, amene mawa adzagula kagalu kena n'kukatsekera m'khola lomwelo. Chitani monga anachitira mayi aja: pitani masana mtima uli pansi, fotokozani nthawi imene galuyo amauwa ndi mmene zikukupwetekerani, chifukwa eni agalu ambiri anazolowera phokosolo ndipo sadziwa kuti likufika pati. Akakana kumva, nkhani ipite kwa amfumu kapena kwa achitetezo a m'mudzi, ndipo pozenga pakhale mlangizi wa ziweto kuti chigamulo chisangokhala chakuti galu achoke, koma chitchule zoyenera kukonza pakhomopo ndi tsiku lodzaonanso.

Pempho langa lomaliza lipite kwa a nthambi yoona za ziweto pansi pa unduna wa zamalimidwe, ku khonsolo ya Salima ndi ya Nkhotakota, ndi kwa inu a Mkonzi. Pa nthawi ya katemera wa chiwewe, makamaka chakumapeto kwa Sepitembala pamene dziko lonse lapansi limakumbukira matendawa pa 28, eni agalu amasonkhana pamalo amodzi, ndipo kawirikawiri obwera ndi agaluwo amakhala anyamata amene ndiwo amawadyetsa ndi kuwamanga kunyumba. Pamene alangizi akulimbikira kuti agalu 70 mwa 100 aliwonse abayidwe, monga mmene a bungwe lolimbana ndi chiwewe la Mission Rabies akhala akuchitira ku Blantyre kuyambira 2015, ndikupempha kuti azipatulako mphindi 10 zokha anthu akadali pamzere kuti afotokoze za mthunzi, madzi, nkhupakupa, tcheni ndi mawu akuti “basi”, m'Chichewa ndi m'Chiyao, ndipo ngati n'kotheka aonetse pa galu mmodzi anthu akuona. Inunso a Mkonzi, tithandizeni popempha dokotala wa ziweto kuti alembe m'nyuzipepala muno malo amene anthu a m'maboma a kunyanja angapite kukafulitsa kapena kutseketsa agalu awo, mtengo wake, ndi masiku amene madokotalawo amafika kuno, kuti amene sangakwanitse ulendo wa ku Lilongwe ndi galu adziwe tsiku loti adikire.

Ine wowerenga wanu,
Mwini chigayo,
Kamuzu Road, Salima